Maola Anayi pa Nyanja ya Ha Long

Kumpoto kwa dziko la Vietnam, m'chigawo cha Quang Ninh, kuli mbali ina ya nyanja yamchere yotchedwa Ha Long. Dzinali limatanthauza malo amene chinjoka chinatsikira, ndipo makolo a kumeneko ankati zilumba za m'nyanjayi zinabadwa ndi chinjokacho. Zilumbazi zilipo zoposa 1,600, zambiri zopanda munthu wokhalamo, ndipo zaima chilili m'madzi ngati zulu zikuluzikulu zovala mitengo kumutu.

Alendo amene ali ndi nthawi yochepa amakwera bwato padoko la Tuan Chau n'kuyenda ulendo wa maola pafupifupi anayi. Amatsika pang'ono kukalowa m'phanga la Thien Cung, kenako bwato limadutsa pafupi ndi mwala wa Dinh Huong, umene chithunzi chake chili pa ndalama ya madong 200,000 ya dzikolo. Amaonanso miyala iwiri ya Trong Mai, yopenyana ngati tambala ndi thadzi. Zonsezi ndi miyala ya laimu, mtundu womwewo umene umaperedwa n'kuthiridwa m'munda kuti nthaka ichepe asidi. Madzi a mvula amasungunula mwala umenewu pang'onopang'ono, ndipo pa zaka mamiliyoni ambiri anaboola mapanga ndi kusiya zipilala zimene mafunde akupitiriza kudya kunsi.

Mu 1994 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo alendo anachuluka chaka ndi chaka. Koma pakati pa zilumbazi panali midzi ya asodzi, monga Cua Van ndi Vung Vieng, imene nyumba zake zinkayandama pamadzi. Ana ankabadwira pamenepo ndi kuphunzira kupalasa asanadziwe njira ya kumtunda. Mu 2014 boma linasamutsa mabanja mazana angapo kupita nawo kumtunda, ponena kuti likuteteza madzi ku zinyalala, anthu ku mphepo zamkuntho, komanso kuti ana apite kusukulu.

Zifukwazi si zabodza ayi. Nyumba ya njerwa siimira m'chimphepo, ndipo sukulu yapafupi ndi dalitso. Komabe msodzi akakhala patali ndi madzi amafanana ndi mlimi wolandidwa khasu. Ambiri anavutika kupeza ntchito m'tauni, ena anabwerera kunyanja kukasodza, ndipo ena, makamaka amayi, amapalasa timabwato kuyendetsa alendo m'midzi momwe kale munali kwawo. Mlendo wa maola anayi amajambula miyala n'kubwerera osadziwa kuti ndani anachokapo kuti chithunzicho chioneke choyera. Ngakhale asodzi atachoka, zinyalala sizinathe, moti mu 2019 akuluakulu a malowa analetsa mapulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi m'mabwato a alendo.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear inalowa pa mndandanda womwewo mu 1984, ndipo mudzi wa Chembe uli pomwepo, asodzi ake akuyanika usipa pamchenga pamene mabwato akutengera alendo kuchilumba cha Thumbi. Kumeneko mudzi sunachotsedwe, koma mafunso ake ndi amodzimodzi: kodi ndalama za alendo zimatsalira yani? Nanga malire a malo osasodzamo anakambirana ndi yani?

Inu alangizi ndi atsogoleri a m'midzi, ntchito ya zokopa alendo ikamabwera kwanu, musadikire kuti mapepala asainidwe. Itanani msonkhano msanga, amayi ndi achinyamata alankhule, ndipo zimene mwagwirizana pa malo osodzera, ntchito ndi gawo la ndalama zilembedwe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene adzatsale ndi nyanjayo mawa ndi msodzi ndi ana ake.