Musanasankhe edishoni, funsani za laisensi

Okonda Dungeons & Dragons akakumana, mkangano sucedwa: ni edishoni iti yabwino? Kwa imwe amene simunaseŵelepo, awa ni maseŵela a pa tebulo. Mmodzi amasimba nthano, ena amakhala anthu a m'nthanoyo, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati lupanga lalasa kapena laphonya. Ine niona kuti funso lofunika ni lina: kodi kampani imalola ndani kulemba na kugulitsa nthano zake poseŵenzetsa malamulo amenewo?

Mu 2000, Wizards of the Coast inatulutsa edishoni yacitatu pamodzi na Open Game License. Laisensi imeneyi inalola aliyense kupanga mabuku ake popanda kulipila, ndipo tumakampani tung'onotung'ono tunaculuka. Mu 2008 kunabwela edishoni yacinayi. Inali na ubwino wake: nkhondo zinali zolongosoka, ndipo wotsogolela maseŵela sanali kuvutika pokonzekela. Koma laisensi yake inali yopanikiza. Kampani ya Paizo inatenga malamulo akale a 3.5, n'kuwakonza, n'kutulutsa Pathfinder mu 2009. Oseŵela ambili anasamukila kumeneko.

Edishoni yacisanu ya mu 2014 inawabweza. Koma mu January 2023 zinaululika kuti Wizards, imene mwini wake ni Hasbro, ifuna kufafaniza laisensi yakale ija, ndipo ofalitsa akuluakulu azilipila. Anthu anayamba kucoka pa D&D Beyond, ndipo mwezi usanathe kampaniyo inagonja. Malamulo oyambila a edishoni yacisanu inawaika pa Creative Commons, kumene singawalandenso.

Ena amati ise oseŵela cabe, za laisensi sizitikhudza. Zitikhudza maningi. Mabuku aakulu a D&D ni atatu, lililonse pafupifupi madola 50, osaŵelengela zotumizila. Kwa munthu wolandila makwaca, malamulo aulele pa foni ndiyo njila yoyambila. A Pathfinder amaŵelengedwa kwaulele pa Archives of Nethys. Ndipo ngati ufuna kulemba nthano yako m'Cinyanja n'kuigulitsa, laisensi ndiyo idzakuuza ngati ungathe.

Sininena kuti Paizo ni angelo. Naonso ni amalonda. Akulu anati fodya wako ni amene ali pamphuno, wa pacala ni wa mphepo. Lonjezo la kampani ni fodya wa pacala. Conco seŵelani edishoni imene tebulo lanu likonda, koma ndalama zanu zipite kwa wofalitsa amene sangakulandeni malamulo mailo.