Khanda Likatuluka m'Cipatala Nchito Siinathe

Mai wa m'boma la Chongwe akabwerera kumudzi ndi khanda limene linagonekedwa milungu ingapo ku cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka, abale amalulutira, ndipo nkoyenera kutero. Koma khanda lotere kawirikawiri limafika pakhomo nkhokwe yace ili pafupi kutha.

Nkhokwe imeneyi ndi ya ayironi, mcere umene thupi lipangira magazi. Mwana amatapa mcerewu kwa amace makamaka pa miyezi 3 yotsiriza ya pathupi, ndipo wobadwa pa nthawi yace amakhala nao womfikitsa miyezi 4 kufikira 6. Wobadwa masiku osakwana, kapena wosafika makilogramu 2.5, watapako pang'ono cabe. Kuonjezera apo, ali m'cipatala amamtenga magazi kawirikawiri kuti apimidwe. Kupimako kumapulumutsa moyo, koma kwa kathupi kotere dontho lililonse ndi lalikulu. Mkaka wa m'mawere ndiwo cakudya copambana zonse, komabe ayironi wace ndi wocepa, sungadzaze nkhokwe imene inayamba yoperewera.

Coopsa ncakuti bvutoli silicita phokoso. Mwana amangoyera m'zikhato ndi m'zikope, nayamwa mofooka, pamene bongo wace, umene ukula msanga pa zaka 2 zoyamba, ukusowa cofunika. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa mu 2018 anapeza kuti ana 58 mwa 100 a miyezi 6 kufikira zaka 5 anali ocepa magazi. Ena ndi cifukwa ca malungo ndi njoka za m'mimba, koma kusowa ayironi kuli pakati pa zifukwa zazikulu.

Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti makanda obadwa msanga kapena ocepa thupi, amene akuyamwa ndipo sapeza ayironi kwina, apatsidwe mankhwala a ayironi akumwa. Mankhwalawo ndi timadontho cabe. Cobvuta ndi mtunda. Kucokera pa boma la Chongwe kufika mu Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo mai wa ku Kanakantapa sangasiye munda ndi ana ena mwezi uliwonse kukatsata kabotolo. Motero nkoyenera kuti dokotala wotulutsa mwana alembe pa khadi la ku sikelo tsiku loyamba mankhwala ndi muyeso wace, ndi kuti Unduna wa Zaumoyo uone kuti mankhwalawo apezeka m'makiliniki a kumidzi, kumene anamwino angapimenso magazi a mwanayo pa tsiku la katemera.

Makolo asagule okha mankhwalawa, pakuti ayironi wopitirira muyeso ndi poizoni, ndipo botolo liikidwe kutali ndi ana. Mwana agone m'neti usiku uliwonse. Akakwanitsa miyezi 6, phala lace lisakhale la ufa woyera ndi shuga cabe: athiremo kapenta wosinja, nsinjiro, dzira kapena ciwindi ca nkhuku. Tiyi asampatse, cifukwa amaletsa thupi kutenga ayironi wa m'cakudya.