Maitanidwe athuwa, bwanji onse amadzera pa eyapoti?

Lamlungu lapitali, pa mapemphero a achinyamata, m'bale wina anaimirira kupereka umboni. Akuti Ambuye amuyankhula kuti akatumikire ana ovutika ku Scotland, chaka chathunthu, mongodzipereka. Tinaomba m'manja, alongo ena mpaka nthungululu. Inenso ndinaomba, koma mumtima ndimawerenga: chaka chino chokha ameneyu ndi wachinayi. Wina Germany, wina Canada, wina America. Mpaka lero sindinamvepo mmodzi yemwe akuti Mzimu wamutuma ku Nthalire.

Musanandinene kuti ndi nsanje, ndiulule zanga. Nditamaliza digiri pa Mzuni ndinakhala zaka ziwiri ndikuzungulira ndi envulopu, Luwinga mpaka m'tauni wapansi. Ndiye ndinalembera bungwe lina la kunja lotenga achinyamata achikhristu odzipereka. Pa fomu ndinalemba kuti mtima wanga umasweka ndikaganiza za anthu osowa pokhala a m'dzikomo. Bodza lenileni, aise. Anthuwo ndinali ndisanawaganizepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndimafuna viza, mzere wowala pa CV, ndi kanganyase ka mapaundi. Atandikana ndinalira, ndipo sindimalirira osowa pokhalawo.

Kufuna kuchoka si tchimo ayi. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ntchito kulibe, makolo anagulitsa ng'ombe kuti tiphunzire ndipo akudikira. Amene wapeza sikolashipu apite, ndidzamuperekeza ndekha kukakwera basi ya ku Lilongwe. Chomwe chikundinyansa n'kuuveka ulendowo mkanjo. Nenani kuti ndikukasaka moyo, basi. Dzina la Mulungu lisakhale chidindo cha pa pasipoti, kenaka n'kumayendetsa mbale kuti amayi ogulitsa tomato ku Zigwagwa asonkhe ya tikiti.

Kuno kumpoto tili ndi poyezera. William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale ku South Africa, anadzipereka mu 1876 kubwera kudzathandiza mishoni ya Livingstonia. Anakakhala pakati pa Angoni a M'mbelwa nthawi imene ena ankaopa n'kuyandikako komwe, poti chiyankhulo chake chinkamveka kwa iwo. Anamwalira ku Njuyu mu 1886, kutali ndi kwawo. David Kaunda, wophunzira wa ku Livingstonia komweko, anatumidwa kwa Abemba ku Chinsali cha m'ma 1904, n'kukhazikika konko. Kenneth Kaunda uja anabadwira ku Lubwa mu 1924 chifukwa cha ulendo umenewo. Onsewa anapita kunja, inde. Koma taonani kumene ankaloza. Ankachoka pa sukulu yabwino kupita kumene moyo unali wovutirapo. Ife timachoka pamatope kuloza kumene kuli madzi otentha a m'bafa, n'kumati tasenza mtanda.

Wina anandiyankha pa WhatsApp kuti nanga azungu aja amabwera ku Nkhata Bay, n'kupaka penti kalasi masabata awiri, n'kujambulitsa ndi ana a eni ake, bwanji iwowo osawafunsa? Afunsidwe ndithu. Pentiyo akanapaka mnyamata wa pamudzi pomwepo n'kulandirapo yogulira sopo. Koma kulakwa kwawo sikutiyeretsa ife. Ndipo pena amatiposa: ambiri a iwo amavomera poyera kuti abwera kudzaona dziko.

Funso langa kwa m'bale uja n'losavuta. Ana ovutika umawakondadi? Ali ku Masasa, ali ku Zolozolo, ali ku Mchengautuwa, afika Sitandade 8 asakutha kuwerenga ndime ya Chingerezi imene idzawapeze pa mayeso. Iwe uli ndi digiri ya uphunzitsi ndipo Loweruka lililonse uli pa foni. Namondwe Freddy atapha anthu oposa 1,000 kummwera mu Marichi 2023, gulu lathu lomweli linakanika kudzaza minibasi imodzi ya okathandiza, ati mayendedwe avuta. Ku Edinburgh ndiye kufupi eti?

Mndandanda wa zopereka za tikiti wafika kale pa gulupu, mayina akuchongedwa. Langa lilibe kanthu kutsogolo kwake. Ndamulembera m'baleyo kumbali kuti Loweruka 9 koloko ndimakhala ndi ana khumi ndi awiri m'kalasi ya Sande sukulu, ndipo masamu amandivuta kuphunzitsa pomwe iye ndi katswiri. Abwere miyezi itatu, ndidzasonkha. Uthengawo wauwerenga, nkhupakupa zabiriwira, koma sanayankhe.