Nkhadze ndi Khonje Sizidikira Ndowa

Okutobala akafika kuno ku Mchinji, mzere wa ndowa pamjigo umayamba kusanache, ndipo mpiru wathu wa kuseri kwa nyumba umafota dzuwa lisanafike pamutu. Koma taonani mpanda wa nkhadze: uli biriwiri ngati mvula yagwa dzulo. Khonje nayenso chimodzimodzi. Amazithirira ndani?

Masamba a zomera ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso tolowera mpweya, ndipo madzi amathawiranso momwemo, monga thukuta pakhungu lathu. Mpiru ndi nkhwani zimatsegula timabowoti masana dzuwa likuswa mtengo, choncho madzi ambiri amene tathira m'mawa amakhala atauluka pofika madzulo. Khonje amachita mosiyana. Amatsegula timabowo take usiku kukazizira, n'kusunga mpweyawo m'masamba ake onenepa aja, masana n'kutseka. Kunja kwa tsamba kuli ngati kwapakidwa phula. Nanazi amateronso, monganso zomera zambiri za m'chipululu. Nkhadze inangosiyiratu za masamba akuluakulu: timasamba take ndi tating'ono, timayoyoka msanga, ndipo ntchito yopanga chakudya imagwiridwa ndi nthambi zobiriwira zija. Ngakhale chinangwa, kukauma kwambiri, chimayoyola masamba n'kudikira mvula.

Zomerazi sizipeza madzi ambiri kuposa zinzake, zimangotaya ochepa. Ife timachita zosiyana: timaonjezera maulendo a kumjigo, amayi msana n'kuwawa, dothi la pabedi lili pamtetete.

Mpiru sitingausandutse khonje, koma dothi tingaliveke. Tiyale udzu wouma, mapesi kapena makoko a mtedza, zomwe kuno sizisowa, mochindikala ngati zala zinayi, osagunda tsinde. Tithirire m'mamawa kapena madzulo, patsinde osati pamasamba. Manyowa owolerana amathandiza dothi kusunga chinyontho. Ife taona kuti bedi lophimbira bwino, tikalithirira mokwanira Lachisanu dzuwa lisanalowe, limadutsa Sabata lonse osafota. Chiswe chimabwera ndithu, tisanamizane, choncho tiziyang'ana pansi pa udzuwo kawirikawiri.

Chenjezo kwa makolo: utomoni woyera wa nkhadze ndi woopsa m'maso. Ana asathyole nthambi zake posewera. Ukagwera m'diso, titsuke ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, osatikita, osathiramo mankhwala a zitsamba, kenako tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.