Mayankho Abwerere Kumudzi

Ku Chembe, ku Msaka ngakhalenso m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe kuli mlendo wina amene ngakhale ana aang'ono anamuzolowera. Mlendoyu amafika ndi chikwama kumsana, kalata ya kwa amfumu m'thumba ndi mpukutu wa mapepala m'manja. Iyeyu ndi wophunzira wa kuyunivesite amene wabwera kudzachita kafukufuku. Mayi amasiya usipa wake pathandala, nakhala pansi kuyankha mafunso: ana ali nawo angati, amapeza ndalama zingati pamwezi, kodi alipo pabanjapo amene amakodza magazi. Dzuwa likapendeka mnyamata uja amatseka chikwama chake nati, "Zikomo kwambiri amayi, tidzaonananso." Nthawi zambiri kuonana kwake kumathera pomwepo.

Mayankho aja amakasanduka buku la m'Chingerezi limene amaliwerenga aphunzitsi awiri kapena atatu, kenaka n'kuliika pashelefu. Wophunzira amavala mkanjo, abale ake n'kuimba nthungululu, koma mayi uja sadzamva konse chimene chinatuluka m'mawu ake. Chizolowezi chimenechi n'choipa ndipo chiyenera kutha. Kuyambira mu 1965, pamene Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba, sukulu zaukachenjede za boma zakhala zikuyenda ndi msonkho wa anthu. Msodzi amakhoma msonkhowo pogula sopo, mafuta a injini ndi zina zotero. Tsono akaperekanso nthawi yake ndi zinsinsi za m'nyumba mwake, ndiye kuti walipira kawiri chinthu chimene sanachilandire. Imeneyi ndi ngongole, ndipo mwini ngongoleyo ndi wophunzira pamodzi ndi sukulu imene inamtuma.

Nkhani ya likodzo ikuonetsa bwino kukula kwa ngongoleyi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tizilomboto n'kulowa m'nkhono. M'nkhonomo timachulukana, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wokoka khoka. M'zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira zake, akatswiri monga Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark anafufuza chifukwa chimene matendawa anachulukira ku Cape Maclear. Iwo anaona kuti nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso, ndipo pamene nsombazo zimachepa, nkhono zimachuluka. Nzeru imeneyi ndi yamtengo wapatali kwa munthu wa pagombe, pakuti ikumuuza kuti ukonde wa maso aang'ono wokokedwa m'mphepete mwa nyanja ukhoza kudwalitsa mwana wake. Koma kodi nzeru yotere ingathandize bwanji itatsekeredwa m'mabuku a Chingerezi? Wophunzira mmodzi wolankhula Chiyao kapena Chichewa, ataima pansi pa mtengo ndi nkhono m'botolo, akhoza kuifotokoza m'mphindi zochepa. Akhozanso kutsutsa bodza lija lakuti kukodza magazi ndi chizindikiro chakuti mnyamata wakula.

Ku Malombe phunziro lake n'lowawa koposa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanjayi inkatulutsa chambo chokwana matani zikwi zingapo pachaka, koma pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsika mpaka matani mazana ochepa chabe. Malamulo analipo, alangizi analiponso, koma chambo chinapitabe. Mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a pagombe osankhidwa ndi asodzi eni ake, litazindikira kuti lamulo lochokera mu ofesi silingalondere nyanja usiku. Makomitiwa amafuna kudziwa ngati nsomba zikuchuluka kapena kuchepa, ndiponso makoka amene akuononga kwambiri. Wophunzira amene wayeza zinthu zimenezi n'kupita nazo ku Zomba kapena ku Bunda osasiyako kanthu, wamana chida anthu amene akumenya nkhondo yeniyeni.

Asanene wina kuti zimenezi n'zosatheka, pakuti chitsanzo chili m'boma lomwelo la Mangochi. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine, imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo mu 2021 inakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inasankha Mangochi kukhala malo ophunzitsirako za umoyo wa anthu akumudzi. Ophunzira ake ankatumizidwa kukagona m'nyumba za anthu, kudya chimene banjalo likudya ndi kutunga madzi kumene eni ake amatunga. Dokotala amene anagonapo pamkeka m'mudzi sangakalipire mayi wofika mochedwa kuchipatala, chifukwa mtunda wake anauyendapo ndi mapazi ake. Chimodzimodzinso ntchito ya matenti apulasitiki oumitsira nsomba ndi kutentha kwa dzuwa, imene akatswiri a ku Chancellor College anaiyesa pamodzi ndi asodzi a m'mbali mwa nyanja. Usipa woyanikidwa pamtetete umaola nthawi ya mvula, ntchentche ndi fumbi n'kuumalizira, pamene wa m'tenti umauma waukhondo. Kafukufuku wotere amasiya chinthu chimene mayi angachigwire ndi manja.

Ena amati wophunzira si mlangizi, ntchito yake ndi kuphunzira basi, ndiponso alibe ndalama zobwererera kumudzi. Za ndalamazo n'zoona, pakuti ambiri amaphunzira ndi ngongole ndipo ena amagona ndi njala. Koma ngati ndalama ya ulendo wokafunsa imapezeka, ya ulendo wokayankha ilephereranji? Sukulu iwerengere maulendo onse awiri pokonza ndondomeko ya kafukufukuyo. Ndipo zakuti ntchito yake ndi kuphunzira basi, mayeso aakulu kuposa onse ndi omwewo okafotokozera anthu. N'chapafupi kubisa umbuli m'mawu ataliatali a Chingerezi, koma pamaso pa nkhalamba imene yakhala ikupalasa bwato kwa zaka makumi anayi, bodza silichedwa kugwidwa.

Pamenepa mpofunikanso kuchenjeza ophunzirawo. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sanati mlendoyo amete eni mudzi mwachipongwe. Kuchilumba cha Mbenji ku Salima mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambiri popanda digiri ya aliyense. Wobwerera kumudzi apite wokonzeka kutsutsidwa, ndipo zimene amutsutsazo azilembe m'buku lake.

Choncho sukulu zaukachenjede zikhazikitse lamulo: wophunzira aliyense amene wachita kafukufuku pakati pa anthu asalandire digiri yake asanabwerere kumudziko. Akaitanitse msonkhano kudzera kwa amfumu, afotokoze zimene anapeza m'chiyankhulo cha anthuwo, ndipo asiye masamba awiri kapena atatu olembedwa m'Chichewa kapena m'Chiyao kwa amfumu, kukomiti ya pagombe ndi kusukulu ya pulayimale yapafupi. Kalata ya amfumu yotsimikiza kuti msonkhanowo unachitikadi isokedwe kumapeto kwa buku lija, ndipo oyesa mayeso ayambe aiona kalatayo asanapereke malikisi.