Adzukulu Kapena Afisi? Za Makanema Ofukula Imfa Zakale

Madzulo a tsiku la msika pa Golomoti, dzuwa litalowa kuseri kwa mapiri a Dedza ndipo kutentha kwa kuno kuchigwa kutayamba kuphwa, ndidapeza anyamata anayi atagundanitsa mitu pakhonde la golosale, maso onse ali pa foni imodzi yong'aluka galasi, m'mene munkaoneka timisewu ta mdima ta ku Whitechapel, mumzinda wa London, kumene m'chaka cha 1888 munthu wosadziwika kufikira lero, amene adampatsa dzina loti Jack the Ripper, adapha akazi osachepera asanu. Maina a akaziwo anyamatawo sadawasunge, koma la wakuphayo ankalitchula monga la katswiri wa mpira; ndipo pamene ndidawafunsa ngati adamvapo za ku Chilobwe, adandiyankha kuti ndi dera lina la mu Blantyre, basi.

Komatu kumeneko kudagona nkhani yoposa ya ku London. Kuyambira mu Sepitembala 1968 kufikira mu Malichi 1970, anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera a mzinda wa Blantyre, ndipo popeza miyezi idapita apolisi osagwira mwini ntchitoyo, mphekesera idamera monga udzu wa m'dambo, yakuti boma likutapa magazi a anthu kuti likabwezere ngongole ku South Africa. Potsiriza adagwidwa Walla Laini Kawisa, amene adaweruzidwa kuti aphedwe, ngakhale ambiri sadakhulupirire kuti dzanja limodzi likadatha zonsezo. Nayenso Gomile Kumtumanji, nduna ya chigawo cha kummwera, adakodwa m'nkhaniyo nakafera kundende. Ndipo m'nyengo ya mantha imeneyi boma la Kamuzu Banda lidapatsa makhoti a mafumu mphamvu yozenga milandu ya kupha, makhoti amene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, momwemonso mudadzaweruzidwa Albert Muwalo mu 1977, ndi Orton ndi Vera Chirwa mu 1983.

Kodi nkoyenera kuti ana athu odziwa kujambula anyamule makamera nakafukule zimenezi? Iwo amene avomera ali ndi mwambi kumbali yawo, wakuti mlandu suwola, pakuti mwazi wokhetsedwa mumdima suleka kudandaula, monga wa Abele uja. Atikumbutsa za nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene mu Meyi 1983 tidauzidwa kuti adafa pangozi ya galimoto ku Mwanza, kufikira bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 lidaulula kuti adachita kuphedwa. Ndipo ngakhale amene adaimbidwa mlanduwo khoti lidawamasula mu Disembala 1995, bodza la ngozi lidafa, ndipo amasiye adatha kulira poyera. Atinso chinsinsi chikakwiriridwa chimaphukira kwina, pakuti mphekesera ya magazi ija sidathere ku Chilobwe: mu 2017 idabwera yovala dzina la anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi anzawo. Kanema wokonzedwa mwachilungamo akadaphunzitsa mtundu kumene mantha otere amabadwira, akadathandizanso ngakhale achinyamata ophunzira zaupolisi pa Mtakataka pano kuona chimene chimachitika pamene boma lifunitsitsa wopalamula koposa umboni.

Koma nawonso okana sayankhula zopanda mutu. Kanema ndi malonda, ndipo malonda afuna chodabwitsa; wojambula amene wayenda chaka chathunthu osapeza yankho ayesedwa kwambiri kuti alipange yekha, naloze chala munthu wakufa amene sangadzitetezenso, kapena banja limene silidachimwe kanthu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo zambiri zimene zatsala za milandu yakale nzongomvera. M'maiko akutali chala cholozedwa molakwa chithera m'nyuzipepala. Kuno kwathu, kumene agogo amagendedwa chifukwa chongoganiziridwa ufiti, chala chotero chithera pa moto wapadenga. Palinso chilonda cha ofedwa, amene adameta maliro kalekale naphunzira kukhala ndi chipsera chawo, koma adzaona imfa ya mayi wawo ikuseweredwa pa foni pakati pa nyimbo ndi mpira, dzina la wakupha likukwezeka, la wophedwa likuzimirira.

Poyesa mbali ziwirizi, ine ndikumbuka mwambo wa kumanda. Kwa Achewa palibe munthu alowa kumanda ndi khasu mfumu isadalole, ndipo okumba ndi adzukulu, amene amagwira ntchitoyo masana, eni maliro akudziwa, ndi cholinga chakuti wakufayo agone bwino. Koma iye wofukula usiku kuti adye timamutcha dzina lina. Khasu ndi limodzimodzi, chosiyana ndi chilolezo ndi cholinga. Pa Mua pomwe pano tili ndi chitsanzo, pakuti Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni mu 1976, sadapachike zigoba za Gule Wamkulu m'nyumba ya Chamare mothamanga, koma adakhala zaka zochuluka pamapazi a eni mwambo, kufunsa ndi kumvetsera. Wojambula za Chilobwe achite chimodzimodzi: ayambe wagwada pakhomo la ofedwa, asiyanitse poyera chimene khoti lidalemba ndi chimene anthu ankanong'ona, ndipo pamene njira yathera, alimbe mtima kunena kuti yathera pomwepo.

Chondidetsa nkhawa tsono si chakuti kanemayo adzajambulidwa, koma kuti achedwa. Mwana amene adagona pansi pa bedi ku Chilobwe mu 1969, atate ake atakhala tcheru pakhomo ndi nkhwangwa m'manja, lero ndi nkhalamba ya imvi. Ndipo iye akadzatsikira kuli chete asadafunsidwe, adzapita ndi maina a anansi ake amene adaphedwa, ndipo zidzukulu zathu zidzatsala ndi dzina la Kawisa lokha, monga anyamata a pa Golomoti aja adatsala ndi la Jack.