Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemereni

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha m'manja. Ambirife timautchula mwambiwu tikatopa ndi mwana wosamva, pofuna kunena kuti msiyeni akaone yekha polekera. Koma muli nzeru ina ya kaleredwe m'mwambimu imene ikutipulumuka masiku ano. Nsatsi ndi mtengo wofewa, wamphako m'kati, ndipo wamkulu amadziwa kale kuti nyanga yoteroyo sifika mawa. Komabe samukaniza mwanayo, samukalipiranso. Amatenga mpeni n'kumusemera, podziwa kuti chimene mwana wachigwira yekha, n'kuchiona chikufota, sadzachiiwala ngati mmene amaiwalira mawu ongouzidwa. Mfundo yanga ndi yakuti nzeru za mwana zimalowera m'manja, choncho kholo la ku Dowa kapena ku Ntchisi limene likufuna mwana wanzeru liyenera kumulola kuti agwire, aphwasule, amange, alephere ndi kuyambiranso pakhomo pomwepo.

Taonani mnyamata amene akupanga galimoto ya mawaya kuseri kwa msika ku Mponela, ku Madisi kapena kwa Malomo. Amayamba wawongola waya pamwala, kenako n'kupinda mbali ziwiri za galimoto kuti zifanane, poti mbali imodzi ikatalika galimoto imapendekera. Polumikiza amakulunga ndi waya wopyapyala kapena mphira yodula ku chubu chakutha cha njinga. Mateyala amapangira zitsekerero za mabotolo kapena tizitini ta polishi, ndipo amaboola pakatikati penipeni, chifukwa bowo likapita pambali teyala limadumphadumpha. Chovuta koposa ndi chiwongolero: waya wautali wochokera m'manja mwake uyenera kutembenuza mateyala akutsogolo onse awiri nthawi imodzi. Akaiyendetsa pamtsetse, nthawi zina teyala limaguluka, iye n'kukhala pansi kufufuza chimene chalakwika. Mwanayu wayeza, wayerekeza, wapeza chifukwa cha vuto ndipo wakonza. Amenewa ndi masitepe omwe mainjiniya amatsata pa ntchito yawo, ngakhale iye sanamvepo mayina ake. Mtsikana amene akuumba timiphika ta masanje n'kuona kuti dothi lina limang'aluka likauma pamene lina limalimba, nayenso ali pa phunziro lomwelo.

Chimene mwana wotereyu amakumana nacho kawirikawiri ndi mawu akuti, "Siya zimenezo, uwononga!" kapena "Watolanso zinyalala zakozi?" Akafunsa kuti mawu a mu wailesi amachokera kuti, yankho limakhala lakuti, "Ukufuna udziwe kuti utani?" Timanena tokha kuti safunsa anadya phula, koma mwana akafunsa kawiri katatu timamutcha wovuta. Mwana amene wakalipiridwa kangapo chifukwa chofunsa amaphunzira msanga kuti kukhala chete ndiye ulemu, ndipo khalidweli amapita nalo kusukulu, kumene amakangolemba zimene aphunzitsi alemba pabolodi osafunsa kanthu. Tikatero timakhala tazimitsa tokha chidwi chimene mwana anabadwa nacho, kenako n'kumadandaula kuti achinyamata athu saganiza.

Umboni wa zimene chidwi chotere chingabale tili nawo pafupi. William Kamkwamba anabadwira ku Dowa mu 1987, n'kukulira m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Dziko lonse limamudziwa chifukwa cha magetsi a mphepo amene anapanga ali ndi zaka 14, koma ambiri amaiwala kumene zinayambira. Asanaganize n'komwe za mphepo, iye ndi msuweni wake ankatsegula mawailesi akufa, kuchotsa kachipangizo kamodzikamodzi kuti aone chimene chisinthe, mpaka anthu a m'deralo anayamba kuwabweretsera mawailesi kuti awakonzere. Anachitanso chidwi ndi dayinamo ya njinga, kufuna kumvetsa chifukwa chimene nyali imayakira teyala likamazungulira. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi ku sekondale ya Kachokolo ndipo anasiya sukulu. Anayamba kubwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, koma zithunzi ankazimva chifukwa manja ake anali atazolowera kale mawaya. Anatola fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ndi dayinamo, n'kuziimika pa nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wachita misala, koma babu linayaka. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Buku lija la Using Energy likanagwera m'manja mwa mwana amene sanatsegulepo wailesi, chithunzicho chikanangokhala chithunzi.

Si iye yekha. Mu 2009 dziko linamva za Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, mnyamata amene sanamalize pulaimale koma anadzipangira nyumba youlutsira mawu yotchedwa Pachikweza pogwiritsa ntchito zipangizo zotolatola. Anamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chilolezo, ndipo ndi pamenepo pamene anthu ambiri anazindikira luso lake n'kuyamba kumuthandiza. Lamulo liyenera kutsatidwa, koma nkhani yake imaonetsa chizolowezi chathu: mwana waluso timamuona mochedwa, atayamba watchedwa wamisala kapena atalowa m'mavuto. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti ndi angati ena, m'midzi ya kwa Msakambewa, kwa Chiwere kapena kwa Nthondo, amene anasiyira panjira chifukwa panalibe wamkulu wowauza kuti pitiriza.

Wina anena kuti zimenezi n'zosavuta kulemba, koma pakhomo pamene wailesi ndi imodzi, foni ndi imodzi, ndipo zonsezo zinagulidwa ndi ndalama za soya kapena za fodya za chaka chathunthu, simungalole mwana kuziphwasula. Zimenezo n'zoona, ndipo palibe akunena kuti mwana apatsidwe chinthu chimene banja likuchidalira. Mwambi uja sunati mpatseni mwana nyanga ya mtengo wapatali. Unati ya nsatsi, yosaluza kanthu ikafota. Pakhomo pambiri pali tochi yakufa, loko wothyoka, chaja chopsa, tcheni chakutha cha njinga, ambulera yothyoka nthiti. Kumunda kuli mapesi, kudambo kuli bango ndi dothi, kumsika kuli makatoni ndi zigubu. Okonza njinga ndi mawailesi pa matauni athu amataya tizitsulo tsiku ndi tsiku. Chimene kholo lingapereke ndi katoni imodzi yosungiramo zinthuzi, malo pakhonde kapena pansi pa mtengo, ndi lamulo lomveka bwino lakuti za m'katoni ndi zako, za m'nyumba uyambe wapempha.

Wina anena za ngozi, ndipo nkhawa imeneyi ndi yoyenera kuimvera. Magetsi a ESCOM amapha, asidi wa batire la galimoto amawotcha khungu ndi maso, batire la foni likabooledwa limatha kuyaka moto, ndipo mabotolo a mankhwala a m'munda sayenera kukhala zidole ngakhale atatsukidwa. Koma kuletsa zonse sikuchotsa ngozi, kumangoisamutsira kuseri kwa nkhokwe kumene mwana amakachita mobisa, popanda womuona. M'mwambi muja wosema ndi wamkulu, mpeni uli m'manja mwake ndipo mwana ali pambali kuonerera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwana wamng'ono ayambe ndi dothi, mapesi ndi mabatire a tochi. Mpeni ndi pulayala zibwere akamakula, wamkulu ali pomwepo kumuonetsa kagwiridwe kake. Za magetsi a m'nyumba zikhale zoletsedwa, ndipo auzidwe chifukwa chake momveka. Mwana amene wauzidwa chifukwa amasamala kuposa amene wangoopsezedwa.

Chotsutsa chachikulu ndi cha sukulu. Makolo amati mwana ali ndi mayeso a Sitandade 8, malo ku sekondale ndi ochepa, ndiye nthawi ya mawaya aitenga kuti? Sindikupeputsa mayeso, ndipo nkhani ya Kamkwamba isamveke ngati ikutamanda kusiya sukulu. Iye anasiya chifukwa cha umphawi, ankalakalaka kubwerera, ndipo mwayi utapezeka anabwereradi. Popanda laibulale ya Wimbe, luso la manja ake likanathera pa kukonza mawailesi. Buku ndi manja zimafunana. Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo sukulu zambiri za kumidzi zilibe zipangizo zoyesera sayansi. Mphunzitsi mmodzi sangapatse mwana aliyense batire ndi babu kuti alumikize yekha. Mwana amene analumikizapo kunyumba, akamva phunziro la magetsi m'kalasi amamva chinthu chimene akuchidziwa, pamene mnzake amangoloweza mawu. Ola limodzi madzulo kapena Loweruka masana silingagwetse mwana mayeso. Tisasokonezenso zimenezi ndi kugwiritsa ana ntchito: kusoka fodya tsiku lonse kapena kupita ku ganyu nthawi ya sukulu ndi kumubera mwana ubwana wake. Kupanga kumene ndikunena kuno n'kumene mwana wasankha yekha, kumene angalephere osakalipiridwa. Ndipo mwayiwu usakhale wa anyamata okha. Mtsikana akaweruka kusukulu amapeza mtsuko, nkhuni ndi mbale zikumudikira, pamene mlongo wake ali ndi mawaya pabwalo. Ntchito za pakhomo zigawidwe mofanana kuti naye apeze nthawi yogwira sipanala.

Si mwana aliyense amene adzatchuke ngati Kamkwamba, ndipo cholinga si chimenecho. Midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi yadzaza ndi zinthu zofuna wozimvetsa: masola pa madenga, njinga zamoto za kabaza, zigayo, mapampu othirira mbewu kudimba, mafoni, ndi mijigo imene imatha kukhala miyezi osatulutsa madzi chifukwa cha kamphira kamodzi kamene katha. Masomphenya a Malawi 2063 amanena za dziko lodzipangira zinthu m'mafakitale, ndipo bungwe la TEVETA likuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja. Koma kuwongola mtengo mpoyamba. Wachinyamata amene wafika zaka 18 asanamasulepo bawuti amafika ku sukulu ya luso ali ndi mantha ndi zipangizo, pamene amene anakula akuphwasula ndi kumanga amafika ndi mafunso.

Choncho makolo, agogo, amalume ndi azakhali, musataye tochi yakufa ija, mpatseni mwana. Akakufunsani chimene simukuchidziwa, muuzeni kuti tiye tikafunse kwa okonza njinga kapena kwa aphunzitsi. Akakuonetsani chimene wapanga, imani kaye, muchione, mumufunse kuti chimayenda bwanji ndipo akufuna kuchikonza pati. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu atsegule makabati a mabuku kuti ana azibwereka, ndipo amisiri a m'midzi alole ana kuima pafupi n'kumaonerera. Zonsezi sizifuna ndalama za boma kapena za mabungwe, zikhoza kuyamba pakhomo panu sabata ino.